Kochi Aime Pati Anyamata Ake Akanyanyala Mpira?

Abale anzanga, lero mundilole ndikuchotseni kaye pa nkhani za kukwera kwa mitengo ya zinthu, ndikutengereni ku America kumene kuli funso limene lakhala likundizunguza mutu. Ophunzira a pa yunivesite akadzuka nkunena kuti tsankho latikwana, ndipo pakati pa ochita zionetserowo pali anyamata a timu ya mpira ya pasukulupo, kodi kochi wawo achite chiyani? Awaopseze? Awatsogolere? Kapena adzitsekere mu ofesi nkumachita ngati sakumva?

Ndikudziwa kuti wina mumsika wa Limbe wayamba kale kufunsa kuti za mpira wa ku America zikumukhudza chiyani iye. Dikirani pang'ono achimwene. Ngati munakhalapo pansi pa munthu amene wagwira mphika wanu, kaya ndi bwana amene amakupatsani katundu pangongole, kaya ndi malume amene amakulipirirani fizi, nkhaniyi muimva msanga. Ine amene ndinachoka ku koleji chikwama chili pamutu ndisanavale gauni, ndikudziwa m'mene pakamwa pamaumira ukafuna kutsutsa munthu amene akhoza kukubweza kumudzi ndi siginecha imodzi yokha.

Poyamba tidziwe kuti mpira umene tikunena pano si wathu uja wa Bullets ndi Wanderers ayi. Ndi uja wooneka ngati dzira, umene amathamanga nawo m'manja nkumagundana atavala zisoti. Kumeneko mpira wa m'makoleji ndi bizinesi yoopsa. Mu 2015 bwalo la yunivesite ya Missouri linkalowa anthu oposa 70,000, pamene Bingu National Stadium yathu imalowa pafupifupi 40,000. Kochi wa timuyo, a Gary Pinkel, ankalandira pafupifupi $4 miliyoni pachaka. Bwana wawo a Tim Wolfe, mkulu wa mayunivesite onse anayi a Missouri, malipiro awo sankafika ngakhale theka la miliyoni imodzi. Nanga anyamata othyoka mafupa m'bwalowo? Nthawi imeneyo malamulo a bungwe la NCAA, loyendetsa masewera a m'makoleji, sankalola kuti azilandira malipiro. Chawo chinali sikolashipu: fizi, pogona, chakudya ndi mabuku.

Sikolashipu imeneyi ndiye chingwe cha pakhosi. Kuyambira mu 1973, kwa zaka pafupifupi 40, lamulo linkati izikhala ya chaka chimodzi chimodzi, ndipo wonena kuti uyu apitirize, uyu azipita, anali kochi. Ngakhale lamulolo linadzafewetsedwa, kochi ndiye amasankhabe woti alowe m'bwalo ndi woti aolere pa benchi. Ndiye amenenso matimu akuluakulu a ligi ya NFL amamufunsa kuti kodi mnyamata uyu khalidwe lake nlotani. Ofika ku NFL sakwana awiri mwa osewera 100 aliwonse, choncho kochi akangoti "ameneyu ngovuta", basi khomo latsekeka. Musaiwalenso kuti kochi yemweyo ndiye anapita kunyumba kwa mnyamatayo akadali ku sekondale, nkukhala pabalaza, nkulonjeza amayi ake kuti mwana wanuyu ndimusamala ngati wanga.

Tsono tamvani zimene zinachitika ku Missouri.

Yunivesiteyi ili mu mzinda wa Columbia, ulendo wa maola awiri pagalimoto kuchokera ku Ferguson, kumene wapolisi anawombera ndi kupha mnyamata wachikuda Michael Brown mu Ogasiti 2014. Inakhazikitsidwa mu 1839, koma ophunzira achikuda anayamba kulowapo mu 1950. Mu 1938 khoti lalikulu la dzikolo linagamula mokomera Lloyd Gaines, amene anamukana kuphunzira zamalamulo pamenepo chifukwa cha khungu lake. Bamboyo anasowa mu 1939 asanaponde m'kalasi, ndipo mpaka lero sanapezeke. Pofika 2015, achikuda anali pafupifupi 7 mwa ophunzira 100 aliwonse, koma mwa osewera mpira a sikolashipu iwo ndiwo anali ochuluka. Loweruka amawaombera m'manja m'bwalo, Lolemba abale awo akutukwanidwa panjira.

Mu Sepitembala chaka chimenecho mtsogoleri wa bungwe la ophunzira, mnyamata wachikuda, analemba pa Facebook kuti anthu ena ali m'galimoto anamutukwana ndi mawu aja onyoza anthu akuda. Pa 10 Okutobala ophunzira anatsekera njira galimoto ya a Wolfe pa mwambo wa perete wa pasukulupo kuti awamvere. A Wolfe sanatsike, sanalankhule. Patapita masabata awiri, m'bafa ya hostelo ina munapezeka chizindikiro cha chipani cha Hitler chitajambulidwa pakhoma ndi, pepani mawu, manyi a munthu. Gulu lotsogolera zionetsero linadzitcha Concerned Student 1950, pokumbukira chaka chija. Lolemba pa 2 Novembala wophunzira wina wa digiri yachiwiri, Jonathan Butler, analengeza kuti sadyanso kanthu mpaka a Wolfe atule pansi udindo, apo ayi afe.

Masiku asanu anadutsa, a Wolfe ali phe pampando. Ena mwa osewera mpira anapita kukamuona Butler, nkupeza munthu akufooka. Loweruka usiku pa 7 Novembala osewera achikuda pafupifupi 30 analengeza kuti sapitanso ku mapulakatisi ndipo sasewera mpira uliwonse mpaka a Wolfe achoke.

Apa mpomwe panali mayeso a kochi. A Pinkel anali atakhala pamenepo kuyambira 2001, ndipo palibe kochi wina m'mbiri ya sukuluyo amene anapambana masewera ambiri kuposa iwo. Akanangonena mawu amodzi oti wosabwera ku mapulakatisi mawa sikolashipu yake yatha, sitirakayo ikanagwedezeka. M'malo mwake, Lamulungu anasonkhanitsa timu yonse, ndipo pa Twitter pawo panatuluka chithunzi cha osewera ndi makochi, akuda ndi azungu, atakolekana mikono, ndi mawu oti ali pambuyo pa osewera awo. Mapulakatisi anaimitsidwa mpaka Butler ayambenso kudya.

Inu ochita geni mumvetsa chimene chinatsatira. Loweruka linalo, pa 14 Novembala, Missouri imayenera kusewera ndi Brigham Young University, imene amaitcha BYU, ku Kansas City. Kontirakiti inkati timu yolephera kubwera ilipire $1 miliyoni, ndalama yoposa K1 biliyoni ya lero. Lamulungu lomwelo a Wolfe anali akunenabe za mapulani odzakonza zinthu mtsogolo. Lolemba m'mawa pa 9 Novembala anatula pansi udindo, ndipo tsiku lomwelo mkulu wa nthambi ya Columbia, a R. Bowen Loftin, nawonso analengeza kuti akuchoka. Butler anadya. Chimene madandaulo a miyezi iwiri analephera, chimene njala ya munthu ya sabata yathunthu inalephera, mpira unachita m'maola osakwana 48. Nzomvetsa chisoni kunena, koma moyo wa Butler unayamba kulemera pa sikelo tsiku limene pambali pake panaikidwa dola.

Kuti tione bwino chimene a Pinkel anachita, tibwerere zaka 46 m'mbuyo, tipite ku yunivesite ya Wyoming mu mzinda wa Laramie. Chodabwitsa nchakuti timu yoti asewere nayo inalinso BYU yomweyo.

BYU ndi sukulu ya mpingo wa Mormon, umene nthawi imeneyo sunkalola munthu wakuda kulandira unsembe. Mu Okutobala 1969 ophunzira achikuda a ku Wyoming anakonza zionetsero zotsutsa lamulo limenelo, ndipo osewera mpira 14 achikuda anaganiza zovala kansalu kakuda pamkono pa tsiku la masewerawo. Kansalu basi. Sananene zonyanyala mpira. Kochi wawo, a Lloyd Eaton, anali mfumu kumeneko, atatenga chikho cha ligi yawo zaka zitatu zotsatizana, ndipo chaka chimenecho anali atapambana masewera anayi onse oyambirira. Anali ndi lamulo lawo loti wosewera asapezeke pa zionetsero zilizonse. Lachisanu m'mawa pa 17 Okutobala anyamatawo anapita kukaonana nawo atavala tinsalu tija pa zovala zawo wamba, kuti akakambirane. A Eaton anawatengera pa mipando ya m'holo ya masewera nkuwauza kuti nonse mwachotsedwa mu timu. Anyamatawo akhala akufotokoza kuti sanapatsidwe mpata wolankhula, ndipo kuti kochiyo anawanyoza kuti abwerere ku makoleji a anthu akuda ndi ku chithandizo cha boma cha amphawi.

Gavanala wa Wyoming, a Stanley Hathaway, ndi akuluakulu a yunivesite anakumana usiku wonse nkugwirizana ndi kochi. Mawa lake Wyoming inathyola BYU 40 kwa 7. Anyamatawo anapita kukhoti koma mlandu sunawakomere. Ena anasamukira ku makoleji ena, monga Tony McGee amene anadzasewera zaka zambiri mu NFL, koma kwa ambiri mpira wa pamwamba unathera pa mipando ija.

Makochi awiri, mdani mmodzi m'bwalo, ana a eni ake atabwera ndi dandaulo la mtundu umodzi. Wina anamvera, wina anathamangitsa. Ine ndikuti ntchito ya kochi imayambira pamenepo, pa kumvera. Akuluakulu ndi m'dambo mozimira moto. Mnyamata wa zaka 19 akabwera kwa iwe mtima uli m'mwamba, usanamuwerengere malamulo uyenera kudziwa chimene chamuwawa. A Eaton akanakhala nawo pansi anyamatawo kwa ola limodzi, mwina akanagwirizana kuti kansaluko avale polowa m'bwalo mokha, mwina akanakana ndithu koma mwaulemu. Anasankha kuonetsa kuti tambala pakhomopo ndani.

Pali mfundo ina imene anthu oikira kumbuyo makochi a nkhanza amaikonda: amati mnyamatayo anabwera kudzasewera mpira, osati kudzachita ndale. Koma kodi sikolashipu ija anagula nayo chiyani? Anagula miyendo ndi mapewa a mnyamatayo pa nthawi ya mapulakatisi ndi ya masewera. Sanagule khungu lake, sanagule pakamwa pake. Yunivesite imanena yokha kuti ameneyu ndi wophunzira poyamba, wosewera pambuyo, ndipo ndi mawu omwewo amene ankagwiritsa ntchito pokana kumulipira. Chabwino, ngati ndi wophunzira, ali ndi ufulu umene wophunzira wa masamu kapena wa mbiri ali nawo woima pa bwalo la sukulu nkunena chakukhosi. Simungamutche wophunzira pa tsiku la malipiro, nkumutcha wantchito pa tsiku la zionetsero. Ndipo kochi amene analowa m'nyumba za anthu akuda kukatenga ana awo kuti amupambanitsire zikho, sangadabwe tsiku lina anawo akamadandaula za tsankho. Ukakwatira kwa mphenzi usaope kung'anima.

Komatu sindikufuna kuwasandutsa a Pinkel mngelo. Pamsonkhano wa atolankhani tsiku limene a Wolfe anachoka, iwo ananena kuti analowererapo chifukwa chokonda osewera awo ndiponso chifukwa moyo wa mnyamata unali pachiswe. Za tsankho lenilenilo, kapena zoti a Wolfe anayenera kuchoka, sanafune kuponyapo phazi. Tsiku lotsatira anauza wailesi ina ya ku Kansas City kuti dzina la Concerned Student 1950 limene linali pa uthenga wawo wa pa Twitter linaikidwa ndi munthu amene amawalembera, ndipo silinayenera kukhalapo. Kenaka Lachisanu pa 13 Novembala analengeza kuti akupuma pantchito chifukwa cha khansa imene madokotala anawapeza nayo mu Meyi. Munthu amene wamanga kale katundu saopa landilodi. Onjezerani apo kuti timuyo inali itapambana masewera anayi nkuluza asanu, ndipo wosewera wina amene sanafune kutchulidwa dzina anauza a ESPN kuti akanakhala kuti akupambana masewera onse, zimenezi sizikanachitika. Palinso nzeru ya bizinesi: kochi wothamangitsa achikuda 30 tsiku limodzi mu 2015, chaka chamawa akanakagogoda pakhomo pa ndani?

Zonsezi nzoona. Komabe pamene ena amaona mantha pa kubwerera m'mbuyo kwa a Pinkel, ine ndikuonapo chinthu chimodzi cholondola. Dandaulolo silinali lawo. Wamva m'mimba ndiye atsekula chitseko. Mzungu wa zaka 63 wolandira mamiliyoni akanalanda chimkuzamawu nkukhala mtsogoleri wa zionetsero, nkhani yonse ikanasanduka ya iye, ana aja nkuiwalika. Udindo wake unali wochepa kuposa pamenepo, koma wolemera: kunena poyera kuti chikwapu chimene ndili nacho m'manja sindichigwiritsa ntchito pa ana awa chifukwa chakuti alankhula. Zimenezo anachita, pa nthawi yake, dziko lonse likuona.

Pamene ndikuona kuti pamafunika kusamala kwambiri ndi pa chithunzi chija cha timu yonse itakolekana mikono. Wosewera uja wa ESPN ananenanso kuti ambiri mu timumo, akuda ndi azungu omwe, sanakondwe ndi sitirakayo. Kochi akangoti tonse tili pamodzi, ndani mwana amene angakane kulowa pa chithunzi? Mphamvu yomwe ija imene ingatseke pakamwa pa wochita zionetsero, ingathenso kukoka mkono wa amene sakufuna. Mnyamata wa chaka chomaliza amene akudalira masewera atatu otsalawo kuti a NFL amuone, nayenso ndi mwana wa munthu. Kochi wabwino ayenera kuteteza onse awiri: wonyanyala asalangidwe, wokana kunyanyala asatchedwe wogulitsa anzake. Ayeneranso kuwauza anyamatawo zoona za mtengo wa chimene akuchita, kuti kunja kuno kuli anthu amene adzawatukwana ndi kuwaopseza, kuti ena olemba ntchito adzakumbukira. Kuwauza ngati kholo, osati ngati njira yowaopsezera mochenjera. Kusiyana kwake mwana amakumva m'mawu.

Mtengo unabweradi. Mu Disembala 2015 phungu wina wa nyumba ya malamulo ya Missouri, a Rick Brattin, anabweretsa bilu yoti wosewera aliyense wokana kusewera pa chifukwa china chosakhala matenda alandidwe sikolashipu. Anthu atakuwa, biluyo inachotsedwa m'masiku ochepa. Mu Januwale 2016 kalata ya a Wolfe yopita kwa anzawo inatulukira poyera. M'menemo anafanizira zimene timu inachita ndi kuthira petulo pa kamoto kakang'ono, ndipo anadzudzula a Pinkel kuti anataya mwayi wophunzitsa anyamata awo phunziro la moyo. Pofika 2017 nyuzipepala ya New York Times inalemba kuti chiwerengero cha ophunzira atsopano ku Columbia chinali chitatsika ndi oposa 35 pa 100 aliwonse m'zaka ziwiri, mahostelo ena atatsekedwa, ntchito zoposa 400 zitadulidwa. Amenewo ndi mabanja enieni amene anasowa pogwira, ndipo wonena kuti zionetsero zilibe mtengo ngwabodza.

Koma a Wolfe ndiwafunse: kamoto kakang'ono kwa yani? Kwa munthu wokhala m'galimoto magalasi atatseka, moto uliwonse umaoneka waung'ono. Ndipo phunziro la moyo limene ankafunalo ndi liti, loti mnzako akamafa ndi njala pa bwalo la sukulu iwe uzivala chisoti nkumathamanga ndi mpira? Onaninso kuti m'kutsika kwa chiwerengero kuja, ophunzira achikuda ndiwo anachepa kwambiri kuposa azungu. Makolo achikuda sanathawe chithunzi cha a Pinkel. Anathawa zimene zionetserozo zinavundukula.

Amene amaganiza kuti njira ya a Eaton ndiyo yotchipa awerengenso mabuku bwino. Atathamangitsa anyamata 14 aja, Wyoming inapambana masewera awiri, nkuluza anayi onse omaliza a 1969. Mu 1970 inapambana kamodzi kokha pa masewera khumi, ndipo ukochi wa a Eaton unathera pomwepo. Kwa zaka zingapo osewera achikuda aluso ankaipewa Laramie. Lamulo la unsembe lija, limene anyamatawo anachotsedwera, mpingo wa Mormon unalithetsa wokha mu 1978.

Lero zinthu zasintha ndithu. Kuyambira 2018 wosewera akhoza kulembetsa kuti akufuna kusamukira ku koleji ina popanda kupempha chilolezo cha kochi. Kuyambira Julayi 2021 amaloledwa kupanga ndalama ndi dzina lake potsatsa malonda, ndipo mu 2025 khoti linavomereza mgwirizano wolola makoleji kulipira osewera mwachindunji. Mu Juni 2020, dziko litatentha ndi imfa ya George Floyd, wosewera wa Mississippi State, Kylin Hill, ananena kuti saseweranso ngati mbendera ya chigawo cha Mississippi ikhalabe ndi chizindikiro cha asilikali amene anamenyera ukapolo. Makochi a makoleji a kumeneko anapita okha ku nyumba ya malamulo kukapempha kuti mbendera isinthidwe, ndipo mwezi womwewo usanathe inachotsedwa. Makochi anaphunzira kuwerenga mphepo. Chingwe chakale chija chafooka, koma ndikuopa kuti chatsopano chalukidwa. Mnyamata amene tsopano ali ndi kontirakiti ya ndalama ali ndi zambiri zoti ataye, ndipo kochi wamakono safunikanso kukuwa ngati a Eaton. Akhoza kungomuitana mwakachetechete nkumuuza kuti chaka chamawa malo ako palibe, kayese kwina. Palibe mtolankhani amene angajambule zimenezo, ndipo anzake otsala mu timu amamva uthengawo bwino lomwe.

Nanga anyamata 14 a ku Wyoming aja? Mu Sepitembala 2019 yunivesite inawaitana ku Laramie, ali nkhalamba za imvi, nkuwawerengera kalata yopepesa. Panali patapita zaka 50. Ena mwa iwo anali atamwalira kale osaimva kalatayo. A Eaton nawonso kunalibe, anatisiya mu 2007.